Momwe Mungagwiritsire Ntchito Liwu la Chingerezi Lakuti "Kempt"

Ambiri mwa ife amene tinaphunzira Chingerezi kusukulu tinakumanapo ndi liwu lakuti "unkempt", limene limanena za munthu wa tsitsi losapesa, ndevu zosameta ndi maonekedwe osasamalika, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti liwuli lili ndi mnzake wotsutsana nalo, amene ndi "kempt". Liwu limeneli si lopeka ayi, pakuti likupezeka m'madikishonale odalirika monga Oxford English Dictionary ndi Merriam-Webster, ndipo limatanthauza chinthu chosamalidwa bwino, chaudongo ndi chooneka mwadongosolo. Vuto lake ndi lakuti ngakhale eni chiyankhulocho saligwiritsa ntchito kawirikawiri, choncho amene akufuna kulilemba ayenera kudziwa bwino malo ake.

Yambani ndi kudziwa kumene linachokera, chifukwa gwero lake ndi limene lidzakutsogolereni pa zina zonse. M'Chingerezi chakale, chimene chinkayankhulidwa ku England zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali mneni wakuti "cemban", kutanthauza kupesa, ndipo mneniyu anachokera ku dzina lakuti "camb", limene ndi chipeso. Patapita nthawi mneniyu anasanduka "kemb", ndipo chinthu chimene chapesedwa ankachitchula kuti ndi "kempt". Kenako mneni wakuti "kemb" anasiya kugwiritsidwa ntchito, malo ake natenga "comb" amene timamudziwa lero, koma "unkempt" anatsalabe pakamwa pa anthu. M'Chijeremani mneni wachibale akadalipo, ndipo kupesa amati "kämmen". Choncho mukamalemba "kempt", muzikumbukira kuti pansi pake pali chipeso.

Zimenezi ndi zofunika kwa ife chifukwa Chichewa chimasiyanitsa bwino kutchena ndi kudzisamalira. Wotchena ndi amene wavala suti yatsopano, tayi yowala ndi nsapato zonyezimira, moti anthu amachita kucheuka akamadutsa. Wodzisamalira akhoza kukhala wopanda chovala chodula ngakhale chimodzi. Taganizani za agogo aamuna amene amafika m'tchalitchi m'mawa Lamulungu atavala jekete lakale losuluka m'mapewa, koma imvi zawo zitapesedwa mosamala, ndevu zitadulidwa mofanana, zikhadabo zitawengedwa, ndipo kolala ya malaya itasitidwa ndi simbi ya makala. Munthu wotere sanatchene, koma ndi amene liwu lakuti "kempt" limamuyenera kwambiri. Mungalembe kuti, "His jacket was faded, but his beard was kempt", ndipo wowerenga adzaona munthu amene umphawi sunamulande ulemu wake. Ine ndimalikonda liwuli chifukwa cha chimenechi, kuti limayamikira khama la manja a munthu, osati kulemera kwa thumba lake. Ngati mukufuna kunena za kutchena kwenikweni, gwiritsani ntchito "dapper", liwu limene kawirikawiri limanenedwa kwa amuna ovala mooneka bwino, kapena "smart" limene aliyense amalimva.

Katchulidwe kake nkofunika kukayeserera pang'ono. Liwuli ndi la phatikizo limodzi lokha, ndipo limathera ndi zilembo zitatu zotsatizana popanda lembo la liwu pakati, zimene ndi m, p ndi t. Lilime lozolowera Chichewa limafuna kuwonjezerapo mawu kuti limveke ngati "kemputi", koma muyenera kutseka milomo pa "mp" ndi kumaliza msanga ndi "t" wopepuka. Likutchulidwa mofanana ndi mathero a mawu akuti "attempt" ndi "exempt", choncho amene amatha kutchula awiriwa sadzavutika.

M'chiganizo, "kempt" ndi mfotokozi, ndipo angakhale patsogolo pa dzina, monga "kempt hair", kapena pambuyo pa mneni monga "was", "looked" ndi "seemed", monga mu chiganizo chakuti "The guard looked kempt and alert". Si mneni, choncho musalembe kuti "she kempted her hair", pakuti amene wapesa tsitsi timati "she combed her hair". Poyerekezera anthu awiri, ndi bwino kulemba "more kempt" kusiyana ndi kuliphatikiza ndi "-er" kumapeto. Mayina amene limagwirizana nawo mosavuta ndi a tsitsi, ndevu ndi maonekedwe a munthu, ndipo kuchokera pamenepo limafikanso ku kapinga wotchetchedwa bwino, mpanda wa maluwa wodulidwa mofanana ndi bwalo losesedwa, chifukwa zonsezi ndi zinthu zimene zimamera kapena kumwazikana zikapanda kusamalidwa. Silimveka bwino pa galimoto, pa kompyuta kapena pa chakudya, pakuti zimenezi sizipesedwa ngakhale mophiphiritsa.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kufanana kwa "kempt" ndi "kept". Kusiyana kwake pa pepala ndi lembo limodzi lokha, koma mawuwa si apachibale, chifukwa "kept" akuchokera ku "keep", kutanthauza kusunga. Nyumba yosamalidwa bwino imatchedwa "a well-kept house", chinsinsi chosungidwa bwino ndi "a well-kept secret", ndipo pa chinsinsi simungaikepo "kempt" ayi. Chimodzimodzinso, lonjezo losakwaniritsidwa ndi "an unkept promise", pamene tsitsi losapesa ndi "unkempt hair". Ndaonapo kangapo m'zimangirizo za ophunzira mawu akuti "unkept hair", ndipo ngakhale wowerenga amamva chimene mwanayo akufuna kunena, woyesa mayeso amadula mzere wofiira pansi pake. Mukakayikira, dzifunseni ngati chinthucho chingakhudzidwe ndi chipeso, lumo kapena chitchetcho. Ngati yankho ndi inde, lembo la m likhalepo.

Chomaliza chofunika kuchiganizira ndi mmene liwuli limamvekera m'makutu a eni chiyankhulo. Popeza iwo anazolowera "unkempt", ena akamva "kempt" ali yekha amaganiza kuti wolembayo wangodula "un-" mwadala pofuna kuseketsa, monga mmene ena amachitira ndi mawu akuti "gruntled" kuchokera ku "disgruntled". Pali njira ziwiri zopewera zimenezi. Yoyamba ndi kuliphatikiza ndi "well", kuti likhale "well-kempt", monga "a well-kempt moustache", ndipo mwa njira imeneyi limamveka lachibadwa ndi laulemu. Yachiwiri ndi kuliika pafupi ndi chinthu chosokonekera kuti kusiyanako kulithandize, monga pofotokoza mwana mmodzi amene wafika kusukulu atapesa bwino pakati pa anzake amene tsitsi lawo lili nyankhalala.

Pa chifukwa chomwechi, musaliike m'kalata yofunsira ntchito kapena m'malamulo a kavalidwe a pa ofesi, mmene "neat" ndi "well-groomed" amamveka msanga kwa aliyense, ndipo musamuuze mlendo pamaso kuti "you look kempt", chifukwa angaganize kuti mukutanthauza kuti masiku ena sapesa. Malo ake enieni ndi nkhani yopeka, ndakatulo, mbiri ya munthu ndi chimangirizo chofotokoza maonekedwe. Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE, amene safuna kulephera Chingerezi chifukwa popanda phunziroli satifiketi sipatsidwa, angaligwiritse ntchito kamodzi kokha m'chimangirizo chonse, pa munthu amene akufuna kuti wowerenga amukumbukire, ndipo m'ziganizo zozungulira atchule chipeso, ndevu kapena kolala yositidwa kuti ngakhale amene sanalionepo liwuli alimve tanthauzo lake.