Momwe mungaikire katundu pa WooCommerce osapenga misala

Ine ndimagulitsa nsapato ndi zikwama, zambiri ndimakaoda ku Kariakoo ku Dar, nde nditatopa ndi kutumiza zithunzi zomwezomwezo pa WhatsApp kwa aliyense wofunsa kuti "size 39 ilipo?" ndinaganiza zotsegula shopu ya pa intaneti. Ndinasankha WooCommerce, ija imayenda mkati mwa WordPress, pulogalamu yopangira ma website, poti payokha ndi yaulere, mumangolipira hosting (malo osungira website) ndi domain (dzina lake la pa intaneti) basi. Zoika WordPress sindikamba, amene akukupangirani website athana nazo, ine ndiyambira pomwe mutu umayambira kuwawa.

Musanaike katundu ngakhale mmodzi lowani pa WooCommerce, Settings, kenako General, mupite mmunsi musankhe Malawian kwacha. Pa number of decimals ikani 0, matambala akuwerenga ndani masiku ano. Ndipo polemba mtengo lembani 25000, osati 25,000, comma ameneyo shopu idzaika yokha poonetsa kwa makasitomala.

Tsopano Products, Add new. Dzina, kufotokoza pang'ono, chithunzi, izi ngakhale mwana wa sitandade 5 atha. Chikwama chomwe chilibe masaizi chisiyeni pa Simple product, ikani mtengo, mwamaliza. Nsapato ndiye nkhani ina, musankhe Variable product, mupite pa Attributes mulembe Size, masaizi muziwalekanitsa ndi kamzere koimirira kaja, 37 | 38 | 39, ndipo onetsetsani kuti kabokosi ka Used for variations kachongedwa, apo ayi mukapita pa Variations mukapeza mbee. Mukasunga dinani Generate variations. Imapanga 50 pa ulendo umodzi, nde ngati muli ndi masaizi 8 ndi mitundu 7 mudinanso kachiwiri. Chomwe sichionekera msanga nchakuti saizi iliyonse imafuna mtengo wakewake, yomwe ilibe mtengo kasitomala sangaigule, ndipo imakuonetsani 15 zokha patsamba limodzi zina zimabisala kutsamba lachiwiri. Osavutika kulemba imodziimodzi, pa Bulk actions pali Set regular prices, mwalemba kamodzi zonse zalowa.

Apa mpatuke kaye. Pali anyamata ena mtauni muno amakuuzani kuti theme (yomwe imapatsa shopu maonekedwe) ya madola ambirimbiri akuikirani ndi ka 15 pin kokha. Zakuba zimenezo, amazitcha nulled, sizilandira ma update ndipo zina zimabwera ndi ma virus mkati. Wanga woyamba anandiikira yoteroyo kenako nambala yake inasiya kupezeka. Theme yotchedwa Storefront ndi yaulere, siyokongola kwenikweni koma imagwira ntchito.

Nkhani yeniyeni yomwe ndalembera zonsezi ndi SKU, kanambala kozindikiritsa katundu aliyense. Ine ndinkalemba 0045, 0046, chonchi, ndikumadziona ngati munthu wadongosolo. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ndinafunika kukweza mitengo ya katundu yense, zinthu zoposa 200, ndipo kutsegula chimodzichimodzi ndi netiweki ya kwathu kuno ndikanatha sabata. Njira yachidule ilipo, pa Products pamwamba pali Export, imakupatsani fayilo ya CSV, mumasintha mitengo pa kompyuta kenako kubweza ndi Import. Mpaka apa zinali bwinobwino.

Ndinalakwitsa zinthu zitatu usiku umodzi. Nditatsegula fayilo ija mu pulogalamu ya spreadsheet, inadya ma zero onse akutsogolo, 0045 inasanduka 45, ine osaona poti maso anali pa mitengo. Kenako ndinafufuta kolamu yoyambirira ya ID, manambala omwe shopu imapatsa yokha katundu aliyense, ndimvekere manambala achabechabe awa akungondisokoneza. Chachitatu, pobweza fayilo sindinachonge kabokosi kolembedwa Update existing products, kali pansi pomwe mumasankhira fayilo ndipo nkosavuta kukadumpha ukakhala ndi tulo. Nde tangoganizani, ID palibe, SKU yasintha, shopu inangoona ngati ndabweretsa katundu watsopano nkupanga zonse kachiwiri. Ine ndinaona yalemba kuti yamaliza, ndinatseka laputopu nkukagona mtima uli mmalo.

Mmawa ndikudzuka ndapeza oda, mayi wina wa ku Zomba wagula nsapato ndipo watumiza kale ndalama pa Airtel Money, koma pa mtengo wakale. Kutsegula shopu, nsapato iliyonse ikuoneka kawiri, chithunzi chimodzimodzi, ina mtengo watsopano ina wakale, inu mukanasankha iti? Sindikanawauza kuti awonjezere, kulakwa kunali kwanga, ndinangotumiza nsapato ija pa basi ndikudziwa kuti ndalama imeneyo siikwana kuodanso ina. Tsiku lonse ndinathera kufufuta. Mndandanda umaonetsa zinthu 20 patsamba, ndinadzazindikira madzulo kuti pamwamba kumanja pali Screen Options pomwe ungaike 100, kusanja ndi deti, kuchonga zonse zadzulo nkuzitaya ku Trash. Chikhala ndinadziwa mmawa bwenzi pofika 10 koloko nditamaliza.

Nde inu chitani chonchi. SKU iziyamba ndi malemba, NS-045 kapena CK-012, palibe pulogalamu yomwe ingadye zero pamenepo. Mukapanga Export sungani kope imodzi yomwe simuikhudza, mulembe deti pa dzina lake. Kolamu ya ID isiyeni. Posunga sankhani CSV UTF-8, apo ayi mayina okhala ndi ŵ amatuluka ngati zolemba za asing'anga. Chongani Update existing products, ndipo musanalowetse zonse yesani kaye ndi mizere itatu yokha muone ngati mitengo yasinthadi pa shopu. Ine mpaka lero ndimayesa ndi itatu ngakhale ndazolowera.

Zithunzi, musaike zochokera pa foni momwe zilili, chimodzi chimatha kukwana 4MB ndipo kasitomala wa ka bandulo ka tsiku limodzi sadikira, zichepetseni zifike cha mma 200KB. Zijambuleni zonse mofanana, pa nsalu yoyera panja mmawa, osaba za pa intaneti poti anthu amadziwa.

Sitoko, chongani zoti iziwerenga yokha pa saizi iliyonse, ndipo mukagulitsa pamanja kapena pa WhatsApp kumbukirani kukachotsera, shopu siilota. Makategore pangani ochepa, anayi asanu akwana.

Zolipira ine ndinangotenga Direct bank transfer nkuisintha dzina, ndinalembapo manambala a Airtel Money ndi Mpamba, kasitomala amatumiza nkundipatsa screenshot, koma muzionanso meseji pa foni yanu chifukwa ma screenshot abodza achuluka. Ma plugin, timapulogalamu toonjezera, olandira ndalama okha alipo, amadula kachiperesenti pa oda iliyonse, funsani kaye kuti ndi zingati. Zotumiza katundu ikani Flat rate (mtengo umodzi wokhazikika) ya Blantyre, ina ya maboma ena, ndi Local pickup kwa odzatenga okha ku Limbe.