Momwe mungasankhire ndi kunyamulira kamera popita kokayenda ndi banja kuno ku Mulanje

Ulendo wa banja wopita ku Likhubula kapena kuminda ya tiyi ya ku Thyolo umakhala ndi katundu wake kale. Pali mwana wofunika kuberekedwa, pali basiketi ya chakudya, pali agogo ofunika kuwagwira dzanja pamiyala. Kamera ikalemera imatsala m'galimoto. Ndiye yambani ndi sikelo: kamera, mabatire ndi chikwama chake, zonse pamodzi zisapitirire makilogalamu 2.

Tengani kamera imodzi ndi lenzi imodzi basi. Nikon D3500 kapena Canon 2000D ndi zokwanira pa za banja. Iliyonse siifika theka la kilogalamu, ndipo lenzi ya 18-55mm imene amagulitsira limodzi imangowonjezera magalamu pafupifupi 200. Mukaika pa 18mm banja lonse limalowa, phiri la Chambe likuoneka kumbuyo. Pa 55mm mumatenga nkhope ya mwana bwinobwino. Lenzi yaitali ya 70-300mm isiyeni kunyumba, pokhapokha ngati mukulondola mbalame. Kusinthasintha malenzi panja ndi kumene kumalowetsa fumbi pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Miyendo itatu yoimikapo kamera ija nayonso itsale. Mwala, chikwama ndi taimala ya kamera yojambula yokha pakatha masekondi 10 zimagwira ntchito yomweyo.

Ambiri timagula kamera zogwiritsidwapo kale ntchito, ku Limbe kapena kwa ogulitsa a pa Facebook, chifukwa mtengo wa yatsopano umayendera dola. Palibe cholakwika, koma musatumize ndalama pafoni musanaigwire m'manja. Chotsani lenzi, muunike mkati mwake ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ibwezeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Jambulani khoma loyera pa f/22, kutanthauza kabowo ka lenzi kolowetsa kuwala katachepetsedwa kwambiri, kuti muone madontho a pa sensa. Funsaninso kuti yajambulapo kangati; kamera za mtundu uwu zimapangidwa kuti zifike cha m'ma 100,000, ndiye imene yadutsa 80,000 si yolipira ndalama zambiri.

Mabatire akhale awiri, onse odzaza usiku wake, poti magetsi akhoza kuzima m'mawa. Batire ya D3500 imatha kujambula zithunzi zoposa 1,000, ya 2000D pafupifupi 500, ndipo kuzizira kwa paphiri kumazifooketsa zonse. Yapadera ija muisunge m'thumba lamkati la jekete, pafupi ndi thupi. Memore khadi ya 32GB imanyamula zithunzi za JPEG cha m'ma 3,000, zokwanira tsiku lonse. Ndi bwino makhadi awiri a 32GB kusiyana ndi imodzi ya 128GB, makamaka yotchipa modabwitsa ya pamsika. Zambiri mwa izo mkati mwake ndi zazing'ono, anangozinamiza kuti zizionetsa nambala yaikulu. Kamera imajambula osadandaula, koma mukafika kunyumba zithunzi zakumapeto sizitseguka. Khadi yatsopano iliyonse iyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw musanaikhulupirire.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kwambiri, chifukwa kuno kwathu kamera zambiri sizifa ndi kugwa, zimafa ndi chinyezi.

Mvula yeniyeni aliyense amaiona n'kubisa kamera. Choopsa ndi chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja ka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, komanso nkhungu imene imatsika paphiri mwadzidzidzi dzuwa likuwala. Sichioneka ngati chikunyowetsa, ndiye munthu amangopitiriza kujambula. Koma vuto lalikulu limadza pambuyo pake. Botolo la chakumwa lochokera mufiriji mukaliika patebulo limachita thukuta. Kamera imachitanso chimodzimodzi. Yakhala maola atatu kozizira, galasi ndi chitsulo chake zazizira, kenako mwalowa nayo m'galimoto yotseka mawindo mmene muli anthu asanu ovala zonyowa, kapena m'nyumba yogona ya paphiri mmene asonkha moto. Mpweya wofunda uja ukakhudza galasi lozizira umasanduka madzi, kunja ndi mkati momwe. Za kunja mumapukuta. Za mkati mwa lenzi simungazifikire.

Njira yake ndi yosavuta koma imafuna kukumbukira pa nthawi yake. Mukadali panja, pukutani timadontho tonse ndi kansalu kouma, ikani kamera m'jumbo lochindikala lotseka ndi zipi, finyani mpweya wonse utuluke, mutseke. Mukatero ndiye lowani. Thukuta lidzagwira pajumbo, osati pa kamera. Musatsegule mpaka patatha mphindi 30, kapena ola lathunthu ngati kunazizira kwambiri. Ana adzalira kuti aone zithunzi zawo pompo. Alekeni adikire, kapena tulutsirani khadi panja musanatseke jumbo lija.

Nanga ngati yachita kale nthunzi mkati, mukuona mbuu poyang'ana? Izimitseni, chotsani batire ndi khadi. Musachotse lenzi pamalo achinyezi, ndipo musaizungulize uku ndi uku, chifukwa lenzi ya zumu imapopa mpweya ngati pampu, ndiye mukungokokera chinyontho china mkati. Musaiyandikize pambaula, musaisiye padashibodi padzuwa. Kutentha kumasungunula girizi wa mkati n'kumuyenderetsa pagalasi. Za kuikwirira mumpunga zija musamvere, mpunga uli ndi fumbi lake ndipo suyamwa chinyezi mokwanira. Chofunika ndi kontena ya pulasitiki yotseka bwino, ya malita 5, ndi silica gel, timapaketi tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Sonkhanitsani tokwana magalamu 50 kapena kuposerapo. Ogulitsa nsapato ambiri amangotaya, ingopemphani. Kamera igone m'menemo usiku umodzi kapena uwiri.

Timapaketiti timakhuta. Ngati muli ndi silica wa mtundu wa lalanje, akasanduka wobiriwira ndiye kuti wakhuta. Wabuluu amasanduka pinki. Muumitseni mupoto wouma pamoto wochepa kwambiri mpaka mtundu ubwerere. Kontena yomweyi ndi imene iyenera kukhala nyumba ya kamera nyengo yonse ya dzinja. Chikwama chachikopa chotsekeredwa muwadiropu kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi munda wa chuku. Chimamera pang'onopang'ono mumdima, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi moti ngakhale mmisiri atatsuka, chipsera chimatsala ndipo zithunzi zimatuluka zotuwa.

Kanyamulidwe kake. Simukufunika chikwama chodula cholembedwa dzina la kamera, chimangoitana maso. Kulungani kamera m'chitenje chopinda kanayi, muiike pamwamba m'chikwama wamba chakumsana, botolo la madzi likhale m'thumba lakunja, nthochi ndi mapeyala zikhale kwa munthu wina. M'minibasi chikhale pamiyendo, osati kumbuyo pamodzi ndi matumba. Pakabaza chivalireni kutsogolo. Poyenda pansi, lamba apingase paphewa, kamera ili m'nthiti, osati kulendewera pachifuwa. Mukawerama kunyamula mwana imamugunda pamphumi. Wobereka mwana asanyamulenso kamera. Ngati mwatenga wonyamula katundu pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mpatseni chakudya ndi zovala, kamera ikhale ndi inu.

Pa Dziwe la Nkhalamba miyala ndi yoterera ndipo madzi ndi akuya, ozizira. Podumpha miyala kamera ibwerere m'chikwama, manja onse awiri akhale a inu ndi ana. Imani kaye pouma ndiye muitulutse. Mathithi amawaza patali, choncho chivundikiro cha lenzi chizichoka pa nthawi yojambula yokha. Fyuluta ya UV, galasi loteteza lomangirira kutsogolo kwa lenzi, imathandiza kuti muzipukuta iyo m'malo mwa galasi lenileni: ya 58mm pa lenzi ya Canon ija, ya 55mm pa ya Nikon yolembedwa AF-P. Nambala yake yalembedwa kuseri kwa chivundikiro. Ana akamathamanga ikani kagudumu ka pamwamba pa kamera pa S ngati ndi Nikon, kapena Tv pa Canon, liwiro lojambulira likhale 1/500 ya sekondi.

M'minda ya tiyi pemphani chilolezo kaye, ndi malo a eni ake, ndipo othyola tiyi ali pantchito, afunseni musanawaloze ndi kamera. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mamawa kapena kuyambira 4 koloko madzulo.

Mukafika kunyumba tulutsani zonse m'chikwama, yanikani chitenje ndi lamba, koperani zithunzi malo awiri musanafufute khadi, tchajani mabatire. Kamera m'kontena, chivundikiro kwi.