Mukaluza koyambirira pa poker: momwe mungaugwirire mtima

Ndalama zambiri pa poker sizithera pa gemu imene yakuvutani mwatsoka. Zimathera pa magemu otsatira, munthu atapsa mtima n'kuyamba kuthamangira kubweza zomwe zapita. Osewera amati munthu wotere ali pa tilt.

Musanakhale pa tebulo, ikani malire. Pa masewera a cash, omwe mumaponya ndalama zenizeni gemu iliyonse, ambiri amalowa ndi ma big blind 100 (big blind ndi ndalama yaikulu mwa ziwiri zimene zimaponyedwa mokakamiza makadi asanagawidwe), imeneyo ndiye buy-in imodzi. Lembani penapake kuti ma buy-in awiri kapena atatu akapita, mwadzuka. Gamulani zimenezi mutu ukadali wozizira, chifukwa masewera akafika pakati mtima umanyengerera kuti "kamodzi kokha aka basi." Ndipo ndalamayo isakhale yangongole kapena yolipirira nyumba.

Kenako dziwani masamu, pakuti ambiri amakwiyira zinthu zimene zimayenera kuchitika. Mu Texas Hold'em, mtundu wa poker umene aliyense amalandira makadi awiri ndipo ena asanu amaikidwa pakati, ma ace awiri akakumana ndi ma king awiri makadi apakati asanatuluke, ma ace amawina pafupifupi maulendo 82 pa 100. Zikumveka zokoma, koma ndiye kuti pafupifupi kamodzi pa kasanu muluza muli ndi makadi abwino kuposa onse. Mnzanu amene akusowa khadi imodzi kuti akwanitse flush (makadi asanu a chizindikiro chimodzi) pa flop (makadi atatu oyamba apakati) amaipeza pafupifupi maulendo 35 pa 100 pofika pa river, khadi yomaliza yapakati. Akaipeza sanakubereni. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: pamene ndimaponya ndalama, ndinaganiza bwino? Ngati eya, pitirizani momwemo.

Chachitatu, dzimvereni. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 kuti kutaya kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza ndalama yofanana kumasangalatsira. Ndipo tilt siilengeza ikamabwera. Mumangoona mukulowa ndi makadi amene masiku onse mumawataya, kapena mukulimbana ndi munthu mmodzi yemwe wakuseka. Choopsa kwambiri ndi maganizo osamukira pa tebulo la ndalama zambiri kuti mubweze msanga. Ayi ndithu, musayerekeze.

Mukaona chimodzi mwa izi, imirirani. Imwani madzi, yendayendani panja. Ngati mukusewera pa intaneti, dinani sit out (batani lopumira kaye), tsekani chat. Mukabwerera, sewerani makadi amphamvu okhaokha kwa kanthawi ndipo bluff, kunamizira kuti muli ndi makadi amphamvu, muyambe mwaisiya.

Malire aja akakwana, tsekani. Magemu amene anakupwetekani muwaunikenso mawa, mutagona, kuti muone pomwe linali tsoka ndi pomwe munalakwitsa nokha.