Momwe mungathetsere ndere m'thanki ya nsomba ndi makorali a madzi amchere

Thanki ya madzi amchere ikayamba kuchita ndere, ambiri amathamangira kupala galasi ndi kusaka mankhwala. Sabata isanathe, ndere ija yabwerera. Chifukwa chake n'chakuti ndere simera popanda chakudya. Imadya nitrate ndi phosphate, michere ya mtundu womwewo umene mlimi amagulira feteleza wokulitsa chimanga, ndipo ikapezanso kuwala kokwanira palibe choiletsa. Ntchito yeniyeni ndi kutseka njira zimene chakudyacho chikulowera, kenako n'kuchotsa imene yamera kale. Kuno ku Blantyre malo awiri ofunika kuwayang'anitsitsa ndi madzi amene mukuthira ndiponso zimene zimachitika m'thanki magetsi akazima. Miyezo ili m'munsimu ndi ya thanki ya malita 200. Ngati yanu ndi yosiyana, muwerengetsere.

Choyamba, idziweni ndere yanu

Zolimba za pinki kapena pepo zimene zimamatirira pamiyala ndi coralline, ndere yabwino, ndipo muisiye. Fumbi labulauni pamchenga ndi pagalasi m'thanki yatsopano ndi ma diatom. Amadya silicate, ndipo amatha okha pakapita masabata angapo ngati madzi othira ali oyera. Yobiriwira yaubweya wautali ndi imene imasautsa anthu ambiri. Ikakhala kuti nthambi zake zagawikana ngati nthenga, imeneyo ndi Bryopsis, ndipo nkhono zambiri siziidya. Timipira tobiriwira tonyezimira m'mikwasa ya miyala ndi Valonia.

Pali ziwiri zimene anthu amazisokoneza kwambiri. Chinsalu chofiira choterera chimene chimayala pamchenga, n'kumasendeka chathunthu mukachikoka, ndi cyanobacteria. Zabulauni zonanda, zokhala ndi tithovu kunsonga, zimene zimachepa usiku n'kudzadzanso nyali zikayaka, kawirikawiri ndi ma dinoflagellate. Kuti mutsimikize, yamwani pang'ono m'botolo, khutchumulani mwamphamvu, sefani ndi pepala lopukutira m'manja, ndipo ikani madziwo powala kwa ola limodzi. Zikaunjikananso n'kupanga timizere, ndi ma dino. Musadumphe kuyeza kumeneku, chifukwa njira yothetsera ndere yaubweya ndi yomwe imachulukitsa ma dino.

Chachiwiri, madzi

Madzi a pampopi amakonzedwa kuti anthu amwe, osati kuti makorali akhalemo. Amakhala ndi klorini, komanso silicate, phosphate ndi nitrate pang'onopang'ono. Pang'onopo ndi pamene pali vuto. Madzi a m'thanki akamauma ndi kutentha, michereyi imatsalira, ndiye chigubu chilichonse chimene mwawonjezera chikuwonjezeranso chakudya cha ndere. A pamjigo nthawi zambiri amakhala ndi michere yochuluka kuposa apa, makamaka m'madera othinana kumene zimbudzi zokumba zili pafupi. A m'mabotolo ambiri ali ndi michere yawo. A mvula ochokera padenga la malata amatenga fumbi ndi zinc.

Njira yodalirika ndi sefa ya RO/DI yokhala ndi magawo anayi: losefa matope, la makala ochotsa klorini, membrane (kachikopa kosefa michere yosungunuka), ndi resin wa DI (timikanda togwira michere yotsala). Gulaninso kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi. Madzi otuluka azisonyeza 0. Akafika 1 kapena 2, resin watha, musinthe. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo m'nyengo ya dzinja mtsinjewu umanyamula matope ambiri, choncho kuyambira Disembala mpaka Malichi muziona gawo losefa matope mwezi uliwonse. Likada, lichotseni lisanawononge makala ndi membrane, zomwe ndi zodula.

Membrane imafuna madzi othamanga ndi mphamvu ya pafupifupi 60 psi. Ngati kwanu madzi amatuluka mofooka, kapena mumatunga kuchokera m'thanki ya pamwamba pa nsanja, ikani pampu yowonjezera mphamvu. Popanda pampuyo TDS imakwera ndipo resin amatha msanga. Sungani malita 40 kapena 60 a madzi osefa m'mgolo wapulasitiki wotseka, umene sunakhalepo ndi sopo kapena mafuta, kuti tsiku limene pampopi pauma musakakamizike kuthira madzi a paliponse.

Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo khumi, kutanthauza chigubu chimodzi cha malita 20. Pamafunika magalamu apakati pa 700 ndi 800 a mchere wopangidwira makorali, malinga ndi mtundu wake. Mchere wa kukhitchini sugwira. Sungunulani ndi kapampu usiku wonse, yezani ndi refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere, kuti afike 1.025 kapena 1.026, ndipo kutentha kwake kufanane ndi kwa m'thanki. Madzi amene auma okha muzibwezera ndi osefa opanda mchere. Akale aja musakawathire m'dimba kapena pakapinga, mcherewo umaotcha mbewu.

Chachitatu, yezani ndipo lembani

Cholinga ndi nitrate wapakati pa 2 ndi 10 ppm (mamiligalamu pa lita), ndi phosphate wapakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Nitrate mutha kuyeza ndi timabotolo ta Salifert. Phosphate ndi wovuta kuona ndi maso pamlingo wotsika chonchi, ndiye kamakina ka Hanna n'kothandiza. Yezani tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, musanadyetse, ndi kulemba m'kope.

Thanki yodzaza ndi ndere ikhoza kusonyeza 0 pa zonse ziwiri. Musanyengeke, ndereyo ikumeza michere isanafike pokuti muiyeze. Komanso 0 weniweni si chinthu chofunira. Makorali amayera ndi njala, tizilombo tabwino timachepa, ndipo malo amenewo ma dino amalanda.

Chakudya cha nsomba ndi khomo lina lalikulu la phosphate. Perekani chimene zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Chouma mufiriji muyambe mwachisungunula m'kapu, tayani madzi ake, kenako perekani. Chimene chinasungunuka magetsi atazima n'kuumanso, tayani.

Chachinayi, zulani ndi manja

Palibe nkhono imene ingamalize ndere yotalika masentimita asanu, ndiye ntchitoyi ndi yanu. Ichiteni tsiku losintha madzi. Zimitsani mapampu onse. Tengani paipi yopyapyala ya mamilimita 8 kapena 10, yambitsani kuyamwa madzi kupita m'ndowa, ndipo muzitsina ndere pakati pa chala chachikulu ndi kamwa la paipi n'kumakoka. Zidutswa zimapita m'ndowa m'malo momwazikana n'kukamera kwina. Valonia muziikwatula kutsinde ndi kansonga ka mpeni, paipi ili pomwepo.

Mwala umene wadzaziratu, uchotseni n'kuukwecha ndi mswachi watsopano m'ndowa ya madzi akale. Pamene ndere yakanirira, donthezani hydrogen peroxide wa 3 peresenti ndi jekeseni yopanda singano, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, tsukuluzani m'madzi amchere, bwezerani. Werengani botolo, chifukwa m'mafamase mumapezekanso wa 6 peresenti, amene ayenera kusakanizidwa ndi madzi osefa theka ndi theka. Asakhudze nyama ya korali. Musapitirire miyala iwiri kapena itatu pa tsiku, popeza mankhwalawa amaphanso mabakiteriya amene amayeretsa madzi.

Apa pali ngozi yeniyeni. Makorali ena ofewa, Palythoa ndi Zoanthus, amakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi, ndipo musaphike kapena kuthira madzi otentha pamwala wa m'thanki. Nthunzi yake ikhoza kudwalitsa nyumba yonse.

Chachisanu, nyali ndi kayendedwe ka madzi

Nyali ziziyaka maola 8 kapena 9, zolumikizidwa ku timer. Ngati ndi za LED zosinthika, tsitsani zoyera ndi zofiira, zabuluu zikhale momwe zilili. Dzuwa lolowera pazenera, ngakhale la ola limodzi, litchingeni ndi katani. Mapampu onse pamodzi aziyendetsa malita 4,000 mpaka 6,000 pa ola, ndipo muwalozetse kuti kuseri kwa miyala kusakhale malo amene zinyalala zimakhazikika.

Chachisanu ndi chimodzi, zotulutsa michere

Kapu ya skimmer, chipangizo chochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu, muzikhuthula ndi kutsuka khosi lake kawiri pa sabata. Khosi likachita matope, thovu silikwera. Kathumba kosefera kasinthidwe masiku awiri kapena atatu alionse, apo ayi zinyalala zimaolera momwemo n'kusanduka nitrate.

Phosphate akakana kutsika pansi pa 0.1, gwiritsani ntchito GFO, timiyala tabulauni timene timamukoka. Yambani ndi theka la mlingo wolembedwa pachitini, tsukani mpaka madzi ofiira atasiya kutuluka, ndipo yezani pakapita masiku atatu. Kumutsitsa mothamanga kumasupula makorali olimba kuyambira kutsinde. Amene ali ndi kathanki kapansi angadzalemo Chaetomorpha, ndere yopotana ngati ulusi, n'kumamuunikira usiku pamene nyali zazikulu zazima. Amalimbirana chakudya ndi ndere ya m'thanki, ndipo mukamamudula theka masabata awiri alionse, micherenso ikutuluka naye.

Zodya ndere

Mbuna za ku Cape Maclear ndi akatswiri opala ndere pamiyala, koma ndi za madzi opanda mchere ndipo m'thanki iyi zingafe. Zoyenera ndi nkhono za Trochus, zisanu ndi zitatu kapena khumi poyamba. Ubwino wake zikagwa chagada zimadzitembenuza zokha, pamene za Astraea zimafera pomwepo mukapanda kuziona. Za Cerith zimayenda mumchenga. Za Nassarius zimadya zotsala, ndere ayi, ndiye musazigulire ntchito imeneyi. Nkhanu ya emerald imathandiza pa Valonia, ngakhale ina imakana. Tuxedo urchin, kanyama kozungulira kaminga, mmodzi yekha amapala bwino kwambiri, koma amadyanso coralline ndi kunyamula timakorali tosamatidwa. Nsomba za tang zimafuna malo osambira aatali, ndipo malita 200 ndi ochepa. Nsomba yotchedwa lawnmower blenny ndiyo ingakwane.

Nkhono sizipirira kusintha kwadzidzidzi kwa mchere. Ziikeni m'ndowa ndi madzi amene zabwera nawo, muzidontheza a m'thanki yanu kwa mphindi 45 mpaka ola. Musagule zambiri nthawi imodzi: ndere ikatha zimafa ndi njala, zikaola ndere imabwerera. Zamoyo zoterezi zimachokera kunja, choncho funsani kaye ku Dipatimenti ya Zausodzi za chilolezo. Makorali olimba ali pa ndandanda ya CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, ndipo sawoloka malire popanda mapepala.

Zitatu zofuna njira yakeyake

Cyanobacteria muziiyamwa ndi paipi tsiku lililonse, onjezani kuthamanga kwa madzi pamalopo. Ikakanika, zimitsani nyali masiku atatu, thanki itaphimbidwa ndi makatoni, koma skimmer ndi mapampu zikugwira ntchito.

Ma dino amafuna zosemphana ndi zonse tanenazi. Chotsani GFO, siyani kaye kusintha madzi, dyetsani mowonjezera mpaka nitrate ndi phosphate ziyambe kuoneka poyeza. Ikani makala atsopano osefera madzi (activated carbon), chifukwa mitundu ina ili ndi poizoni amene amapha nkhono. Mitundu imene imasambira m'madzi usiku, monga Ostreopsis, imagonja ndi chipangizo cha nyali ya UV chimene madzi amadutsamo pang'onopang'ono. Yokhala mumchenga UV siigwira bwino, imafuna kupirira kwa masabata ambiri.

Bryopsis amafa ndi fluconazole, pafupifupi mamiligalamu 5 pa lita, kamodzi kokha, makala atachotsedwa ndi kapu ya skimmer itachotsedwa masiku oyamba, osasintha madzi kwa masiku 14. Awa ndi mankhwala a anthu, amene odwala ena moyo wawo umadalira. Musatenge a wodwala kapena ochokera kuchipatala cha boma. Pali opangidwira matanki a nsomba.

Magetsi ndi kutentha

Mapampu akaima maola angapo, mpweya umachepa m'madzi, tizilombo ta m'miyala timafa, ndipo sabata yotsatira ndere imaphuka. Ngati inveta kapena sola yanu ndi yaing'ono, lumikizaniko pampu imodzi yogwedeza madzi pamwamba. Nyali zikhoza kudikira ngakhale masiku awiri. Kapampu ka mpweya ka mabatire kazikhala pafupi, ndipo musadyetse magetsi asanabwere. Akazima nthawi yaitali, tsiku lotsatira fufuzani nkhono zakufa, sinthani malita 20 owonjezera.

Madzi azikhala pa madigiri 24 mpaka 26. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha denga la malata chimawakweza kupitirira 28, pamene makorali amafooka ndere n'kumakondwa. Fani youzira pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, koma madzi amauma msanga, ndiye muzibwezera tsiku lililonse. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni, onetsetsani kuti hita ikugwira.

Ndere yaubweya ikayamba kugonja imatuwa, n'kumazuka mosavuta. Nthawi imeneyo muziiyamwa kawiri pa sabata, chifukwa ikaolera m'thanki imabweza phosphate yense amene inameza. Miyala nayo imasunga phosphate n'kumamutulutsa pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu, choncho mukaona kuti wakweranso mutangomutsitsa, musawonjezere mlingo wa GFO. Sinthani amene watha ndi watsopano wa mlingo womwewo.