Momwe mungakonzere msewu wa m'tauni kuti ukomere aliyense, osati agalimoto okha

Msewu wa m'dera lathu kuno ku Blantyre ndi wa mamita pafupifupi 600. Umayambira pamsika, kudutsa pasukulu ya pulayimale, n'kukathera pachipatala chaching'ono. Kwa zaka zambiri tikamakamba zoukonza tinkangoganiza za phula, chonsecho amene amadzaza msewuwo ndi ana asukulu, amayi obereka makanda popita kusikelo, akabaza, mavenda ndi agogo oyenda ndi ndodo. Ine ndinali m'komiti ya chitukuko ya wodi yathu pamene tinkakonza pulani yake, ndipo apa ndikulemba mmene tinachitira kuti ena asadzapunthwe pamene ife tinapunthwa.

Choyamba, werengani anthu musanawerenge galimoto. Tengani kope ndi cholembera, mukakhale pamalo atatu: kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa msewu. Lembani aliyense wodutsa, woyenda pansi payekha, wanjinga payekha, wanjinga yamoto, minibasi, lole, ngakhale wokankha wilibala. Muchite izi sukulu zili zotsegula, m'mamawa ana akupita, masana akuweruka, ndi madzulo anthu akuchokera kuntchito, komanso tsiku limodzi Loweruka. Chofunika kwambiri ndi kuona pamene anthu amawolokera okha. Pamakhala kanjira kopondekapondeka m'fumbi, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kudzaika malo owolokera. Mukawaika pena chifukwa choti papepala pakuoneka bwino, ana adzapitiriza kudutsa pomwe anazolowera. Ntchito yowerengayi ana a sekondale amaigwira bwino, ingowagulirani zakumwa ndi mabanzi. Musalipire munthu wodzitcha katswiri pa chinthu chimene mungachite nokha.

Kenako itanani msonkhano. Za kudziwitsa a khansala, mafumu ndi mabuloko lida sindikufotokoza, aliyense amadziwa. Amene amaiwalika ndi wapampando wa akabaza, wapampando wa mavenda, alangizi a zaumoyo a pachipatala ndi anthu aulumali. Kwathu kuli bambo wina woyenda panjinga ya olumala. Tinamupempha kuti tiyende naye msewu wonse, ife tikutsatira pambuyo. Pa mamita 600 aja anaima kasanu ndi kamodzi: pena dzenje, pena mulu wa mchenga wa munthu amene akumanga nyumba, pena minibasi itatsekereza. Ulendo umenewo unatsegula maso a komiti kuposa zonse zimene tinakambirana titakhala pansi.

Pamsonkhanopo padzapezeka wina wonena kuti mahampu amawononga galimoto. Muuzeni zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza: ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Liwiro likangokwera ndi 1 peresenti, mwayi woti pachitike ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Stockholm mu 2020 anagwirizana kuti pamene galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linakonza tinjira ta oyenda pansi, mahampu ndi malo owolokera pafupi ndi sukulu, ndipo ana ovulala anachepa. Si zinthu zofuna ndalama za msewu waukulu ayi.

Chachitatu, yezani ndi kugawa malo. Tambasulani tepi kuchokera kumpanda wa uku kufika kumpanda wa uko, pamalo angapo, chifukwa misewu ya m'makomboni imatambasuka pena n'kupanikizika pena. Pogawa muyambe ndi woyenda pansi. Kanjira kake kakhale kosachepera mamita 1.8, kuti njinga ziwiri za olumala zithe kupatukirana. Mbali iliyonse ya galimoto mamita 3 ndi okwanira pamsewu wa m'dera. Mukaukulitsa kwambiri madalaivala amathamanga. Potsikira kanjira pasakhale sitepe koma potsetsereka pang'onopang'ono, kutsika sentimita imodzi pa masentimita 12 aliwonse. Mavenda apatseni malo awo papulani, kuseri kwa kanjira. Mukawasiya kunja, tsiku limene mudzamaliza kanjirako mudzapeza tomato ndi kaunjika zitayalidwa pomwepo, ana n'kubwereranso pakati pa msewu. Chimodzimodzi akabaza ndi minibasi, akhale ndi siteji yodziwika, kutali pang'ono ndi geti la sukulu.

Tsopano nkhani ya madzi, imene inatipweteka ife.

Tinayeza msewu wathu mu Okutobala 2022, dzuwa likuswa mtengo, ngalande zonse zili gwa. Tinaona ngalande yakale m'mbali mwa msewu ndipo tinati ndi yokwanira, tingoivindikira ndi masilabu kuti pamwamba pake pakhale kanjira ka oyenda pansi. Kanjirako tinakakweza kuti galimoto zisamakwerepo. Zinaoneka bwino kwambiri, ana anayamba kuyendapo tsiku lomwelo. Chimene sitinadzifunse ndi chakuti madzi ochokera kumtunda kwa phiri amalowa bwanji mumsewu, ndipo amatulukira kuti.

Mvula itayamba tinaona. Madzi sankabwera motsata msewu monga tinkaganizira. Ankatsika ndi tinjira titatu ta pakati pa nyumba, n'kudula msewu mopingasa kupita kumtsinje. Kanjira kathu kokwera kaja kanasanduka damu. Madzi anabwerera m'makomo a anthu a mbali ya kumtunda. Ndinapita m'nyumba ya mayi wina m'mawa mvula itagwa usiku: ufa unali pamwamba pa tebulo, mphasa zili pachingwe, iye ali ndi beseni akukapa madzi akuda pakhomo, mwana ali kumbuyo. Chimbudzi chokumba cha kuseri chinali chitasefukira. Nthawi imeneyo kolera inali itavuta m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mayiyo sanakalipe. Anangonena kuti, "Abambo, mukanandifunsa ndikanakuuzani, madziwa amadutsa pano chaka chilichonse." Mawu amenewo ndimawakumbukirabe.

Ngalande yovindikira ija nayo inatseka. Masilabu tinawamata ndi simenti onse, osasiya potsegulira, ndiye majumbo, mabotolo ndi mchenga zitadzaza mkati panalibe polowetsa fosholo. Madzi otsalira anakhala mmenemo masabata, udzudzu n'kumaswana. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, mbali ina ya kanjirako inakokoloka yonse.

Ndiye inu chitani chonchi. Musamalize pulani musanaone msewu wanu mvula ikugwa. Valani majombo, tengani ambulera, muyende mvula ili mkati, osati itakata. Paliponse pamene madzi akulowa kapena kudula msewu ikani chizindikiro ndi penti pakhoma kapena pamwala. Ngati nthawi ikukukakamizani kukonza pulani m'chilimwe, funsani amayi okhala m'mbali mwa msewu, khomo ndi khomo, ndipo yang'anani pamakoma mzere wa matope umene madzi anasiya chaka chatha. Ngalande izikula pamene ikutsika, chifukwa kumunsi imanyamula madzi a malo onse. Pamene kanjira ka pakati pa nyumba kakukumana ndi msewu pafunika polowera madzi kapena kalavati. Kanjira ka oyenda pansi kapendekeke pang'ono kuloza kungalande, masentimita awiri pa mita imodzi. Mukavindikira ngalande, siyani masilabu ena osamata pa mamita angapo aliwonse, oti anthu awiri atha kunyamula. Kutsogolo kwa kalavati ikani sefa wa zitsulo wogwira zinyalala. Ndipo tsatirani madziwo mpaka kumene akukathera. Akathere kumtsinje kapena mungalande yaikulu, osati pabwalo la munthu wina. Kukula kwa kalavati musakuyerekeze ndi maso, imeneyo ndi mbali ya injiniya wa kukhonsolo.

Za masilabu ndinenepo pang'ono. Oyamba aja tinagula kwa munthu wina woumba m'mbali mwa msewu chifukwa anali otchipa. Ena atasweka tinapeza mkati mulibe chitsulo, muli waya woonda ngati wa mpanda wa nkhuku, ndipo simenti inali yochepa moti ukakanda ndi msomali mchenga umayoyoka. Musanalipire, sankhani silabu limodzi nokha pamulu, muliswe pomwepo muone mkati. Wogulitsa akakana, chokani. Bwinonso n'kuumbitsa pamalo panu, kwale ndi mchenga wa kumtsinje mutagula nokha, wina wa m'komiti akuwerenga matumba a simenti, ndipo masilabuwo azithiriridwa madzi kwa sabata yathunthu. Kotesheni nayo musaikhulupirire nthawi yaitali. Ife tinatenga yachiwiri kutangotsala pang'ono kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tinachita kuyambiranso kuwerengera. Ndalama ikapezeka, gulani simenti ndi zitsulo msanga, musunge pouma.

Madzi mukathana nawo, jambulani pulani yonse papepala lalikulu mukaipereke kukhonsolo. Musakumbe kapena kumanga hampu popanda chilolezo. Ngati msewuwo ndi waukulu, wa m'manja mwa Roads Authority, a khonsolo adzakuuzani. Funsaninso a Water Board ndi a ESCOM kuti mapaipi ndi nthambo zawo zadutsa pati. Ndalama yambani kufunsa ku thumba la chitukuko la CDF kudzera mwa a khansala, ndipo ntchito muigawe m'zigawo kuti ngalande ndi malo owolokera pasukulu zikhale zoyamba.

Musanathire konkire yesani kaye ndi laimu, matayala akale ndi migolo kwa masabata awiri. Mudzaona ngati lole ya katundu wa kumsika ikutha kukhota, komanso ngati ambulansi ikudutsa bwino. Mahampu akhale otambalala ndi opakidwa penti, osati timizere takuthwa tija timene timagwetsa akabaza.

Mitengo dzalani mvula ikakhazikika, m'nyengo yodzala mitengo ya Disembala mpaka Epulo, motalikirana ndi ngalande kuti mizu isadzaiswe. Mthunzi ndi umene umapangitsa munthu wa shuga kapena wa kuthamanga kwa magazi kuyenda pansi mphindi 150 pasabata zimene a zaumoyo amalangiza. Pamalo otsala opanda phula dzalani kapinga kuti fumbi lichepe, a mphumu apume. Magetsi a sola ikani powolokera ndi pasiteji, batire ili pamwamba pa pholo. Pomaliza gawanani ngalande, buloko iliyonse chigawo chake, ndipo muziitsegula kawiri pachaka: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Januwale ili pakati.