Bere lachitidwa opaleshoni: kodi kuwotcha n'kofunikanso?

Ndinakhalapo gadiyani wa azakhali anga a ku Bangula pamene ankadwala khansa ya m'bere, ndipo sindine dokotala. Koma ndinatolapo ichi: zoti munthu akawotchedwe kapena ayi sizionekera pa kukula kwa chipsera, zili papepala la ku labu. Kuwotcha ndikunenaku ndi radiotherapy, kuwala kwamphamvu kochokera m'makina. Palibe moto, ndipo makinawo akamagwira ntchito simumva kalikonse. Azakhali atangomva mawu oti "kuwotcha" anakana nsima tsiku lonse.

Yambani ndi pepalalo. Chotupa chikachotsedwa chimapita kukapimidwa, ndipo zotsatira zimatenga masabata. Zikatuluka pemphani lanu, mulijambule pafoni, lenilenilo mulikulunge m'jumbo pamodzi ndi buku la kuchipatala. Kuno kuchigwa madzi saodira, tonse tinamuona namondwe Freddy mu 2023.

Mukakhala pamaso pa adokotala, funsani kuti anachotsa bere lonse kapena chotupa chokha. Ngati bere linatsala, pafupifupi aliyense amayenera kuwotchedwa, chifukwa mumatha kutsalira timaselo tosaoneka ndi maso. Kuwotchako kumadula ndi theka mpata woti khansa ibwerere. Ine ndimati nkhaniyi muikambe mpeni usanadutse: musasankhe kusiya bere musanadziwe kumene mukawotchedwe.

Amene nthawi zina amatha kulumpha kuwotchaku ndi amayi achikulire. Pa kafukufuku wa PRIME II, amayi a zaka 65 kupita m'tsogolo, a chotupa chosapitirira masentimita 3, chomvera mankhwala a mahomoni, m'khwapa mopanda khansa, anawagawa pawiri. Patatha zaka 10, khansa inabwerera m'bere mwa 9.5 pa 100 alionse osawotchedwa, pomwe mwa owotchedwa sanafike ndi mmodzi yemwe pa 100. Koma amoyo anali chimodzimodzi mbali zonse. Chinsinsi chake n'chakuti onsewo ankamwa mapiritsi, monga tamoxifen, amene amamwedwa zaka 5. Ngati agogo anu ndi aja osiya mankhwala akangopeza bwino, auzeni adokotala zoona zake.

Ngati anachotsa bere lonse, ambiri safunikanso kuwotchedwa, koma apa m'pofunika kufatsa. Funsani kukula kwa chotupa: chikaposa masentimita 5, ngati dzira la nkhuku m'litali mwake, nthawi zambiri amawotcha. Funsani ngati chinagwira khungu kapena mnofu wa pachifuwa, komanso ngati m'mphepete modulamo munapezeka khansa. Koma funso lalikulu ndi la anabere a m'khwapa: anachotsa angati, ndipo odwala ndi angati? Akafika 4 palibenso zokambirana. Akakhala 1 mpaka 3, madokotala amaonanso msinkhu wa mayiyo ndi ukali wa khansayo.

Ife apa m'pamene tinakhumudwa. Chotupa cha azakhali chinali masentimita 3 basi, ine n'kuyamba kale kuimbira abale ku Nchalo kuti zatha, sawotchedwa. Adokotala analoza mzere wam'munsi ndi cholembera: anabere odwala 5 mwa 12.

"Iwe mwana, sunati zatha?"

"Pepani azakhali, ndinathamangira."

Ngati pali kemo (mankhwala amphamvu opha khansa), kawirikawiri imayamba ndiyo, kuwotcha kumabwera pambuyo. Woyembekezera anene msanga, sawotchedwa.

Tsono za ulendo. Kwa zaka zambiri makinawa kunalibe m'Malawi, anthu ankatumizidwa kunja monga ku India. Mu 2024 anayamba kugwira ntchito ku Blantyre pamalo olipira, ndipo ku Lilongwe kuli National Cancer Centre. Funsani ku Gulupu kuti akutumizani kuti. Kawirikawiri mumapita ka 15, Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata atatu, ulendo uliwonse mphindi zochepa chabe. Kukwera chitunda cha Thabwa m'mawa uliwonse kuchokera ku Nsanje n'kosatheka, pezeranitu wachibale wokusungani, ndipo musadumphe tsiku.

Khungu limada ndi kunyerenyetsa, makamaka chakumapeto ndi masabata awiri otsatira, nthawi imene mwabwerera kumudzi. Ndi thukuta la Okutobala la kuno, pansi pa khwapa pamatha kusupuka. Sambani ndi sopo wosanunkhira, osakhula ndi chinkhupule, pukutani mongogunditsa nsalu. Zitsamba ayi, pakani okhawo amene anamwino akuuzani. Pakayamba kuchucha madzi pitani kuchipatala. Azakhali anathera mwezi wonse pakhonde, atangofunda chitenje chakale chofewa, akudzikupiza ndi chivindikiro cha ndowa.