Momwe mungakonzere zochitika za sabata ndi masiku okumbukira pa sukulu ya pulayimale ku Mangochi

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, makalasi a m'sukulu zambiri za m'boma la Mangochi amadzaza kwambiri, moti mphunzitsi amatha teremu yonse asanaloweze mayina a ana ake onse. Pa sukulu yotere, zochitika za kunja kwa kalasi ndizo zimayamba kufa. Asembule imasanduka nthawi yongolengeza za kusesa ndi kukalipira ochedwa, makalabu amangotsala pa pepala lomata kukhoma la ofesi, ndipo tsiku ngati 3 Malichi limadutsa ana akungodziwa kuti mawa kulibe sukulu. Malangizo awa ndi a aphunzitsi aakulu, achiwiri awo ndi a komiti ya sukulu amene akufuna kuti tsiku lokumbukira lizikonzedwa mkati mwa maphunziro a sabata ndi sabata, m'malo molikumbukira dzulo lake.

Yambani ndi kalendala, ndipo muikonze m'sabata yoyamba ya teremu. Itanani aphunzitsi, a komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), gulu la amayi, a mfumu, a shehe ndi abusa a mipingo yozungulira sukuluyo, mukhale nawo pansi ndi pepala lalikulu limodzi. Lembani masiku osasintha: 5 Okutobala la aphunzitsi, 15 Okutobala la anakubala, 15 Januwale la John Chilembwe, 3 Malichi la ofera dziko, 14 Meyi la Kamuzu, 16 Juni la mwana wa mu Africa ndi 6 Julayi la ufulu wodzilamulira. Popeza ambiri mwa masiku amenewa ndi a tchuthi, gwirizanani kuti mwambo wa pa sukulu uzichitika pa tsiku lomaliza la sukulu tchuthicho chisanafike. Musayese kuchita mwambo waukulu pa tsiku lililonse. Sankhani awiri pa teremu, enawo angotchulidwa pa asembule ndi kufotokozedwa m'kalasi.

Kuno ku Mangochi kalendala ya chaka chatha siyikoperedwa momwe ilili, chifukwa mwezi wa Ramazani umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo tsiku la Eid limadziwika pokhapokha mwezi ukaoneka. A shehe akuuzeni masabata amene kusala kudzagwere, kuti mpikisano wothamanga, mpira wa masana kapena mwambo wokhala ndi chakudya musauike m'nyengo imeneyo, pakuti ana ambiri a m'makalasi akuluakulu amasala nawo. Pa msonkhano womwewo kambiranani ndi a mfumu za jando ndi nsondo. Zinamwali zimenezi zimachitika pa tchuthi chachikulu, koma zikatalika ana amaphonya masabata oyamba a teremu yoyamba, ndipo a mfumu ndi amene ali ndi mphamvu youza angaliba ndi anankungwi tsiku lotulutsa ana. Nkhaniyi ikambidwe mwaulemu, chifukwa sukulu ikaoneka ngati ikunyoza mwambo, makolo amangokhala chete ndipo ana sabwera.

Kalendala ikatha, konzani maonekedwe a sabata imodzi, amene azibwerezedwa teremu yonse. Lolemba likhale la mbendera, nyimbo ya fuko ndi kulengeza mutu wa sabata, monga ukhondo, nyanja, mbiri ya dera kapena kuwerenga. Asembule ikhale yaifupi ndi yam'mamawa ndithu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa la kunyanja limaotcha nthawi isanakwane 8 koloko. Mwana amene wabwera osadya kanthu sachedwa kukomoka pa mzere. Kalasi iliyonse kuyambira Sitandade 3 izipatsidwa sabata yake yotsogolera, ndipo kutsogolerako kukhale kwenikweni: mwana mmodzi ayambitse nyimbo, wina anene ndakatulo, wina awerenge ziganizo zitatu zimene kalasiyo yalemba pa mutu wa sabatayo.

Makalabu aikeni Lachitatu kapena Lachinayi. Lachisanu masana ana ambiri ndi aphunzitsi ena amapita ku mzikiti, choncho kalabu yoikidwa nthawi imeneyo imafa yokha popanda wina kuitsutsa. Kumbukiraninso kuti ana ochuluka amapita ku madarasa akaweruka, ndiye nthawi yotsekera makalabu muuze a mwalimu, aphunzitsi a kumadarasako, ndipo muziisunga. Makalabu atatu oyenda bwino, monga ya kuwerenga, ya zachilengedwe ndi ya zaumoyo, amaposa khumi ongolembedwa mayina. Ya zaumoyo ili ndi ntchito yooneka m'dera lino: likodzo limene ana amatenga posamba m'madzi odikha a m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo, malungo, ndi kolera amene anavuta kwambiri m'chaka cha 2022 ndi 2023. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo mumuitane kamodzi pa teremu, koma ntchito ya sabata ndi sabata, monga kudzaza madzi m'mipondagiya ya kuchimbudzi ndi kuona ngati pali sopo kapena phulusa, ikhale ya anawo.

Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga, choncho zawo zichitike m'mawa. Ambiri a iwo amafika pa sukulu akuyankhula Chiyawo chokha, ndipo amakhala chete m'kalasi osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa mawu a mphunzitsi ndi achilendo. Njira yothandiza ndi kupatula theka la ola kamodzi pa sabata, pamene mwana wa Sitandade 6 amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ana awiri kapena atatu a Sitandade 2, buku la Chichewa lili pamiyendo, akuwalozera maphatikizo ndi chala ndi kuwamasulira m'Chiyawo pamene akakamira. Zimenezi zimathandizira ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo wamkuluyo amakhwimanso pa kuwerenga kwake. Zipangizo musagule. Njere za malambe ndi za bwemba, zivindikiro za mabotolo ndi zigoba za nkhono zimakwana powerengera, monga mmene aphunzitsi anaphunzirira ku koleji za TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera. Pa masamu a Sitandade 5, mnyamata amene m'kalasi amalephera kuchulukitsa amatha kukuuzani mosazengereza ndalama zimene zimatsala munthu akagula ndowa zitatu za usipa padoko, kuuyanika pa thandala ndi kukaugulitsa pa miyulu ku msika. Yambirani pamenepo, kenaka mulembe pa bolodi zimene wanena pakamwa.

Tsopano lumikizani tsiku lokumbukira ndi sabata zimenezi, ndipo chitsanzo chabwino ndi 3 Malichi. Kutatsala masabata awiri, mutu wa pa asembule ukhale mbiri ya tsikulo. Aphunzitsi afotokoze kuti pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti m'dziko la Nyasaland muli chipwirikiti, Dr Kamuzu Banda anamangidwa ndi kutumizidwa kundende ya ku Gwelo (Gweru, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe), ndipo ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu amene anasonkhana padoko pokana kuti abale awo omangidwa atengedwe pa sitima. Ana a Sitandade 7 atumidwe kukafunsa agogo a kumudzi zimene anamva kapena kuona za nthawi ya chitaganya, alembe pa phunziro la Chichewa, ndipo zolemba zabwino ziwerengedwe pa mwambo. Pa phunziro la luso akonze sewero ndi nyimbo. Mukatero simunabe nthawi ya maphunziro, popeza ntchito yonse yachitika m'mapiriyodi ake, ndipo iyenera kulembedwa m'masikimu monga phunziro lina lililonse.

Ndalama za m'thumba ndi chipangizo chophunzitsira mbiri chimene chimaiwalika. Pa K500 pali John Chilembwe, pa K1,000 pali Kamuzu, ndipo pa K200 pali Rose Chibambo, amene naye anamangidwa m'chaka cha 1959, chinthu chimene atsikana ayenera kumva. Pa za Chilembwe chenjerani ndi sewero, chifukwa ana akasiyidwa okha amathamangira ku nkhondo ya mu Januwale 1915, mikondo ndi kukuwa, n'kusiya chimene chinayambitsa. Awongolereni kuti aonetse mishoni yake ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu ndi sukulu zake, nkhanza za thangata m'minda ya azungu ku Magomero, ndi kudandaula kwake poona Aafirika akutengedwa kukafera pa nkhondo ya azungu.

Mangochi ili ndi mbiri yakeyake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana amaloweza za kutali pamene za pakhomo sazidziwa. Sukulu zoyandikira pa boma zikonze ulendo wa tsiku limodzi. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire pali nsanja ya wotchi yomangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anafa pamene sitima ya Vipya inamira m'chaka cha 1946. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum. Musananyamuke dziwitsani a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu), landirani chilolezo cha makolo cholembedwa, tengani a komiti awiri kapena atatu kuti athandize kuyang'anira, nyamulani madzi akumwa, ndipo lamulo losayandikira madzi linenedwe kawiri, chifukwa mu Shire muli ng'ona. Sukulu za kutali monga za ku Makanjira, Namwera kapena Katuli zisadzivute ndi mtengo wa galimoto. Mkulu wa kwa mfumu amene amadziwa mbiri ya ufumuwo angathe kubwera kudzacheza ndi Sitandade 6 ndi 7. Za ku Monkey Bay zili ndi Cape Maclear, kumene mishoni ya Livingstonia inayambira m'chaka cha 1875.

Pa mbiri ya dera pali malo amodzi ofunika kuponda mosamala. Tauni ya Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo inayamba ngati linga la Angerezi m'zaka za m'ma 1890 pamene ankalimbana ndi mafumu monga Makanjira ndi Jalasi pa nkhani ya malonda a akapolo ndi ulamuliro wa dera. M'kalasi mwanu muli zidzukulu za mbali zonse za nkhaniyi. Mphunzitsi anene zoona, koma asalole kuti phunzirolo lisanduke chitonzo kwa mtundu kapena chipembedzo cha mwana aliyense.

Tsiku la mwambo likafika, pulogalamu isapitirire maola awiri. Ana akhale pamthunzi, osati alendo okha, ndipo pemphero lotsegulira likakhala la Chisilamu, lotsekera likhale la Chikhristu, ulendo wina n'kusinthanitsa. Vuto lalikulu la miyambo yathu ndi malankhulidwe. A komiti, a mfumu, a khansala ndi mlendo wolemekezeka akapatsidwa mpata popanda malire, ana amene akonzekera masabata awiri amavina dzuwa litapendeka, makolo atayamba kubalalika. Ikani ana poyamba, oyankhula akhale awiri kapena atatu, ndipo muwauziretu mphindi zawo powaitana. Magule akhale a konkuno, monga beni ndi manganje, ndipo mawu a nyimbo zake aphunzitsi awamvetsere pokonzekera kuti pasatuluke za kusimba kapena zotamanda chipani. Nsalu ndi malaya a chipani zisaloledwe pabwalo la sukulu. Musalamule mwana kubweretsa ndalama ya mwambo, chifukwa amene alibe amangojomba tsikulo ndi mawa lake lomwe. Ngati pakufunika kanthu, PTA ikambirane ndi makolo poyera.

Masiku awiri amafuna mtima wachifundo pokonza. Pa tsiku la anakubala, kumbukirani kuti ana ambiri akuleredwa ndi agogo kapena azakhali chifukwa makolo anamwalira kapena ali ku Joni. Powauza kuti alembe kalata kapena ndakatulo, nenani kuti alembere amene amawalera. Pa 16 Juni, pokumbukira ana asukulu a ku Soweto amene anaphedwa m'chaka cha 1976, gulu la amayi lipatsidwe mpata wofotokoza kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndi kuti mtsikana amene anabereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu. Koma musamuimike mtsikana wotere kutsogolo ngati chitsanzo pokhapokha iye mwini ndi makolo ake atavomera. Anyamata amene amasiya sukulu kukakoka makoka kapena kutsata chilimira usiku nawonso atchulidwe, ndipo mukaitana wa komiti ya padoko kudzayankhulapo, uthengawo umafika kwa eni zombo.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Kalasi iliyonse ipatsidwe mitengo yochepa yoti isamale, itchingidwe ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo kuthirira kulowe m'ndandanda wa sabata mpaka mvula ina.

Chomaliza ndi kulemba. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu asunge kope limodzi lolembamo zimene zinachitika pa mwambo uliwonse, amene anaitanidwa, zimene zinavuta ndi ndalama ngati zinagwiritsidwa ntchito, ndipo zolemba zabwino za ana zimatidwe momwemo. Aphunzitsi amasamutsidwa kawirikawiri, ndiye kopelo ndilo limathandiza wobwera kumene kuti asayambirenso pachiyambi, komanso a PEA akafika muli ndi chowaonetsa. M'teremu yachitatu ana a Sitandade 8 achotsedwe pa zokonzekera miyambo kuti alimbane ndi mayeso a MANEB, ndipo utsogoleri wa asembule ndi makalabu uperekedwe kwa Sitandade 7 teremu yachiwiri isanathe, kuti azolowere akadali ndi owaongolera.